Za Njinga Zoyenda Kumanzere ndi Dzungu Langa Lotsala

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti ya Makolo a Masikauti,
Kompaundi yathu ya ku Al Waab, kuno ku Qatar.

Bwana wolemekezeka,

Salaam aleikum. Ndine Lemani, nkhalamba ija imathirira kapinga muno, imene mumaiimbira hutala ikachedwa kuchotsa paipi pamsewu. Sukulu ndinalekezera panjira ku Namwera, choncho mukapeza mawu opindika muwawongole nokha, inu ophunzira. Ndalemba m'Chichewa n'kuika pa gulu lathu la pafoni kuti a ku ofesi ya kompaundi asamve. Chifukwa chake muchipeza m'munsimu.

Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha njira imene mwasankhira ana athu kuti ayeserepo njinga, adzalandire baji Lachisanu likubwerali. Ndinakuonani tsiku limene munkaiyeza. Munali m'galimoto, magalasi otseka, chala chikuloza: kuchokera pageti, kudutsa pamzikiti, kukhotera kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinasirira. Munthu wamba akanayamba watsika n'kukaona chimene chili kuseri kwa thankiko.

Chachiwiri, zikomo posunga mwambo. Malamulo a bajiyi mwawatenga m'kabuku kanu kakale ka usikauti kamene munabwera nako kuchokera kumudzi, ndipo kakuti wapanjinga aziyenda kumanzere. Mayi Felister, anamwino a nyumba ya pakona aja, atakukumbutsani kuti kuno magalimoto amayenda kumanja, munawayankha kuti baji ndi yachimalawi, mwana sangailandire ndi malamulo a eni dziko. Bwana, misozi inalengeza. Enafe tikafika kuno timaiwala kwathu. Inu mwaima nji. Qatar yense ali kumanja, ana athu ali kumanzere, ndipo wolakwa adzidziwa yekha.

Tsono madzulo aliwonse ana amabwera, mabelu ali ngirii, n'kukhota pathanki paja kumanzere monga mwa kabuku. Pomwepo amakumana maso ndi maso ndi galimoto ya zinyalala, kapena basi yotula antchito, ikuyenda mbali yake. Dalaivala amakuwa m'Chiarabu kuti yalla, yalla, fulumira, fulumira. Mwana, pokhala wokonda moyo, amathawira kumanzere kwenikweni. Kumanzere kwenikweniko, Bwana, ndi kudimba kwanga.

Ndi kadimba kochepa, kosakwana mkeka wopemphererapo swala. Pangano langa la ntchito limalola kapinga ndi maluwa osadyedwa basi, n'chifukwa chake ndinakabisa kuseri kwa thanki. Muli maungu. Nthanga zake anandimangira pakona ya chitenje mkazi wanga Hanifa, pa tchuthi changa chomaliza. Chaka chomwecho anamwalira. Kwathu sitigoneka maliro, ndiye pamene foni imandipeza anali atamuika kale. Munda wake abale anagawana n'kudzalamo fodya, ndipo mbewu ija kumudzi kulibenso. Yatsala kuno, m'chipululu. Ndimaithirira ndi madzi odontha ku makina oziziritsa nyumba, otolera m'chigubu, ndipo miyezi yotentha ndimaifunditsa makatoni. Ana a sukulu anganene kuti ndi masamba chabe. Ine ndikathyola nkhwani pamenepo ndimadya ngati ndili ndi mnzanga.

Chachitatu, zikomo posandutsa dimbali sukulu ya mabuleki. Ana ambiri aphunzirira pamenepo kuima, ena ndi njinga, ena ndi mawondo. Mwana wanu Ibrahim anagwa mwaulemu kwambiri. Anadzuka, anadzisasa, anati sole ankolo, kenaka anandifunsa m'Chingerezi kuti udzu waukulu masamba chonchi ndi wa mtundu wanji. Sindimuimba mlandu. Mwana sangadziwe zonse. Akudziwa kale kuti kwawo amayenda kumanzere, za nkhwani adzaphunzira akadzakula.

Mapando a maungu pafupifupi onse anapita pansi pa matayala. Latsala limodzi, ndipo labereka dzungu limodzi, longa mutu wa khanda. Silinakhwime. Likathyoka tsopano, nthanga zake sizingamere. Lachisanu, ndamva, kudzadutsa gulu lonse, makolo akuthamanga pambali ndi mafoni. Ku ofesi sindingakadandaule: angazule dzungulo, mwinanso n'kundizula ine ndemwe.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha yankho lanu. Ndinabwera pakhomo panu kudzakuuzani za dimbali, chipewa chili m'manja. Wantchito wanu anati mukupuma, analowa, anatulukanso ndi mawu anu akuti mafi mushkila, palibe vuto. Ndinabwerera wokondwa kuti Chiarabu mwachigwira bwino chotere. Chilankhulo cha eni dziko mwalandira, galimoto yawo mwalandira, ndipo ndaona kuti inuyo mukamayendetsa mumatsata kumanja bwinobwino. Kumanzereku mwasungira ana okha. Ndiko kukonda ana kumeneko: chabwino chonse kuwasiyira iwo.

Sindikupempha kuti musunthe njira. Ndine ndani ine? Sindikupemphanso kuti mukonze kabuku, poti kanalembedwa ndi anthu odziwa. Pempho langa ndi laling'ono. Mtsogoleri amayenda patsogolo. Lachisanu, ana asananyamuke, muvale kabudula wanu wa usikauti, mukwere njinga, mutuluke pageti, mulowe mumsewu waukulu wa Al Waab, kumanzere, mukawaonetse a magalimoto akuluakulu oyera aja mmene timayendera kwathu. Akakupatukirani, dzungulo ndidzathyola ndekha, losakhwima lomwelo, ndidzaphikire komiti yonse. Akapanda kukupatukirani, mwina komiti idzaganizanso, ndipo dzungu la Hanifa lidzakhwima.

Musaope kuti mudzakhala nokha. Ndidzakutsatirani pambuyo, chapatali, mbali ya kumanja, ndi wilibala.

Ine wanu wothirira kapinga,
Lemani,
wa kuseri kwa thanki.