Ndinazungulira nkhokwe ya apongozi pa mota

Anzanga, popeza nkhani iyi yayamba kuyenda yopotoka pamsika wa ku Ulongwe, ndati ndiilembe ndekha kuti museke zoona zake, osati zowonjezera. Ndipo ndineneretu, mota ija, njinga yamoto yanga, sindigulitsa, amene mukudikira kuti muitole motchipa pitani mukalime.

Mukundidziwa ine Dumingu, kuti Mulungu pondiumba dothi linamuthera pofika m'miyendo. Lotsalalo lonse analandira mkazi wanga Nangozo. Masiku amene ndinkamwa kachasu utali wakewo unkandiwawa mumtima, ndiye ndikaledzera ndinkamuitana kuti Bulugamu, pamaso pa anthu, ngakhale potuluka ku misa. Ndinkati, "Iwe Bulugamu, tasuzumira ku Dedza, kukugwa mvula?" anzanga nkumagubuduka ndi phwete. Tsiku lina ndinadzuka ndi matsire nkupeza wabereka mwana wathu Tereza, wasenza mapoto ake, wabwerera kwawo ku Domwe. Ndinalakwa, ndipo sindibisa. Ndinakaulula kwa apadiri, mowa ndinasiya, mbatatesi ndinalima ngati wolipira mlandu. Kenako amalume ake, a Jere, anatumiza mawu kuti ndipite ndi ankhoswe anga, akandione ndi maso awo ngati ndasinthadi. Akapukusa mutu tsikulo, banja lathera pomwepo.

Ndiye ndinaganiza kuti munthu wosintha safika kwa apongozi atapanikizana ndi mbuzi mu chapa, timinibasi tathu tija. Ndigule mota! Ndinkaifunanso kale, yoti iziyenda pa phula ndikamapita ku Kalomwe ndi matumba, komanso izikwera tinjira ta kumunda kwanga kuphiri, kumene dzinja likafika ngakhale ngolo imakana. Kodi pamenepa pali cholakwika?

Ankhoswe anatsogola pa chapa, ine ndinakhotera ku ofisina, galaja ya a Zuze, amene amakonza ndi kugulitsa mamota. Anandionetsa kakang'ono, ka anyamata a takisi-mota aja, ndinati ayi, aka kakakakamira m'matope ndi thumba limodzi. Anandionetsa chilombo china chachikulu ngati ng'ombe yamphongo, ndinayesa kungochigwedeza, msana unati thu. Ndiye panali ya pakati, yofiira, matayala a mano-mano ngati chimanga chokhwima. Mtima unangoti ndi imeneyi.

A Zuze anati, "Mwasankha bwino, patarau, bwana wanga, siilemera, pa phula imathamanga, m'miyala imakwera ngati mbuzi. Koma anaipanga yayitali dala, kuti mimba yake isamagunde pansi. Tayesani kaye kuima nayo pabwalo apa."

Ndinati, "A Zuze, mukugulitsa mota kapena mukuyeza anthu ngati mmisiri wa mabokosi a maliro?"

"Kapena tichepetseko siponji ya pampando?"

"Musaikhudze!"

Motayo inali itaima m'mphepete mwa khonde la ofisina, ndipo khondelo ndi lalitali. Ndinakwerera pamenepo, phazi lili pakhonde bwinobwino ngati mfumu, ndinavala kapaseti, chisoti chotetezera mutu chija, kudina batani, ulendo.

Pa phula paja, abale, ndinkaimba nyimbo za kwaya. Mavuto anayamba pamene ndinaima kwa mayi wina wogulitsa gasolina, petulo uja, wa m'mabotolo. Ndinatsitsa mwendo wamanja, dziko kulibe! Wamanzere, dziko kulibenso! Ndinapalasa mphepo ngati nkhuku yomangidwa, kenako phii, ine pansi, mota pamwamba, botolo limodzi nkundikhuthukira pamalaya anga a misa. Mayiwo akundizula anati, "Atiyu, bambo inu, mota imeneyi mwabwereka kwa akulu anu?" Munthu wanzeru akadabwerera kwa a Zuze. Ine? Ndinaikankhira pa chitsa, ndinakwereranso pamenepo, nkudzipangira lamulo loti sindiimanso pamene palibe chitsa, chulu kapena mwala.

Nditalowa msewu wa fumbi ndinangoona masamba atayalidwa pamsewu, maliro. Mukudziwa nonse kuti pamenepo munthu amatsika nkukankha. Ndinaponya maso uku ndi uku, chulu palibe, mwala palibe, dziko lasalala ngati mbale. Ndinadutsa pang'onopang'ono pakati pa anamfedwa ndikufuula, "Pepani, pepani, ndikanatha ndikanatsika!" Mkulu wina anandiloza ndi ndodo, ndipo mawu amene ananena sindingawalembe, ndine munthu wa mphakati wa kutchalitchi tsopano.

Koma mtima sunagwe, chifukwa ndinkakumbukira kuti pakhomo pa apongozi pali chitsa cha mango pafupi ndi nkhokwe. Ndifike, ndiponde pamenepo, nditsike mwaulemu. Ndikulowa pabwalo, kalanga ine, chitsa chija anachizula kalekale, bwalo alisesa chifukwa cha ine mlendo, ngakhale njerwa imodzi osasiya! Anthu akhala kale, a Jere pampando, ankhoswe anga pambali, apongozi aakazi pamphasa, Nangozo chapatali ndi mwana.

Nanga ndikanatani? Ndinazungulira nkhokwe.

Potulukira ndinagwedeza mutu, "Mwaswera bwanji, amalume?" nkupitiriranso. A Jere anayankha kwa munthu amene wasowa kale kuseri. Potulukiranso ndinapereka moni kwa apongozi, iwo nkuphimba nkhope ndi chitenje. Nkhuku zinabalalika, galu anayamba kundilondola, ankhoswe anga akundikodola kuti ima, ima, ngati ine sindikufuna.

A Jere anaimirira. "Mkamwini! Mwamwanso?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndikagwa, ati waledzera. Ndikapitiriza kuzungulira, ati waledzera. Malaya akununkha za m'botolo. Banja langa linali likuthawa ndikuliona, ndipo chinatsala ndi choonadi chokha, chimene ndinachibisa moyo wanga wonse ndi nsapato za zidendene.

"Sindinamwe, amalume! Miyendo siikufika pansi!"

Nkhokwe inandimezanso. Ndinatulukiranso nkukuwa, "Mayi a Tereza, chonde ndigwireni, inu ndinu aatali!"

Iye anapereka mwana kwa amayi ake, anaimirira mosafulumira, nkupinda manja pachifuwa. "Akugwireni ndani? Bulugamu?"

"Ndinalakwa!" nkhokwe nkundimeza.

Nditatulukira, iye anati, "Sindinamve, injini ikusokosera."

"Ndinalakwa, mayi! Ndinkakunyozani chifukwa cha nsanje, ine ndi amene ndinaperewera!"

"Amalume, mwamva?"

A Jere anati, "Mudzi wonse wamva, mwana wanga, mugwire asanatigwetsere chimanga."

Nangozo anangotambasula dzanja, gwi pachitsulo cha kumbuyo, ine nkuzimitsa injini, mota inaima chilili ngati yakhomeredwa. Ndinatsetsereka pansi monga mwana wotsika pamsana. Iye anawerama, ndithu anawerama, nkundinunkhiza pakamwa, kenako pamalaya. "Ndi gasolina yekha, amalume."

Apa ndi pamene phwete linaphulika, apongozi mpaka misozi m'chitenje muja. A Jere atapuma anati munthu amene wapepesa mokuwa chonchi, anansi akumva, sangadzakanenso kuti sananene, ndipo nkhani imene ndinaikonzera mawu ambirimbiri a ulemu inathera pomwepo. Nangozo anavomera kubwerera, koma anati pa mota ine ndikuyendetsa sakwera, iye ndi mwana sanatope ndi moyo. Tinabwerera pa chapa, mota itamangidwa pamwamba pamodzi ndi mbuzi za anthu.

Kunyumba Nangozo anavala buluku mkati mwa chitenje, anaikwera motayo, mapazi onse awiri pansi, phwatalala, mawondo mpaka opindika. Anaphunzira msanga kuposa mmene ine ndinaphunzirira katekisimu. Lero mukaona mota yofiira ikukwera kuphiri ndi mbatatesi, kapena ikudutsa pa phula kupita ku Kalomwe, woyendetsayo ndi iyeyo, ndipo kamunthu kagwira m'chiuno kumbuyo ndine. Sekani, sekani mutope! Mota ndinasankha bwino kwambiri, a Zuze ndi mboni, ndinangolakwitsa mwini wake. Chimene ndalumbira ndi ichi basi: sindidzayesanso chinthu chilichonse nditaima pakhonde la munthu, ndipo mtengo wa bulugamu ndikaudutsa ndimavula kapaseti.