Mazira a Njoka mu Nkhwani wa Amayi

Lamulungu, 16 Sepitembala 2007

Ndinadzuka ndikudziona ngati dokotala. Pano amayi sakundiyankhula.

Lachisanu aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti nkhandwe za muno mu London zimakhala ndi njoka zam'mimba, ndipo mazira ake amatsalira m'dothi pomwe zachita chimbudzi. Kuseri kwa nyumba yathu ku Croydon amayi ali ndi kadimba ka nkhwani, ndipo nkhandwe ina imalowamo tsiku lililonse. (Imalowa chifukwa ndimaiikira mafupa a nkhuku. Ndinaitcha Bwana. Amayi sankadziwa.)

Lero tinapita kutchalitchi ku Peckham, amayi atanyamula poto wa nkhwani wotendera. Kuno nkhwani sapezeka wamba, ndiye tikaweruka azimayi amafola ndi mbale, uku akuwatama amayi. Ine mumtima ndinati, ndikakhala chete ndipha mpingo wonse. Ndinaimirira.

"Pepani azimayi, nkhwaniyu mwina muli mazira a njoka..."

Pa "zam'mimba" sindinafikepo. Mayi Banda, namwino wamkulu ndithu, anataya mbale n'kukwera pampando.

"Njoka yalowamo bwanji?"

"Ndi nkhandwe, anti. Imabwera nazo kwathu."

"Nkhandwe kufika pakhomo itanyamula njoka? Awa si matenda! Itanani abusa!"

Abusa anabwera akutafuna, n'kuyamba kudzudzula ziwanda pa poto wathu. (Anali atadya kale mbale ziwiri, ndiye pempherolo linachokeradi pansi pamtima.)

Amayi anandiyang'ana. "Iwe, masambawa ndatsuka katatu, n'kuwiritsa mpaka kufewa. Ndi dzira lanji lingapulumuke? Nanga nkhandweyo imadzatani kwathu?"

Apa ndikanangotseka pakamwa. Koma m'nyumba ya Mulungu munthu anganame?

"Bwana amabwerera mafupa."

"Ili ndi dzina!" anakuwa Mayi Banda, akadali pampando. "Amaiweta!"

Tinabwerera ndi poto ali pafupifupi wodzaza, amayi atamuika pamiyendo m'basi monse. Titangofika, foni inalira. Anali Mayi Banda omwe aja, kufunsa ngati angadzatengeko nkhwani wotsalayo, poti wapemphereredwa. Amayi anangoti, "Njoka zamaliza," n'kudula.

Ndaphunzira kuti choonadi chimafunika kuchinena mothamanga, chifike kumapeto anthu asanakwere mipando.

Mawa ndikaweruka nditseka bowo la pampanda, nditavala magolovesi monga anatiuzira aphunzitsi. Mafupa a lero ndabisa kale. Ndimuponyera Bwana kuseri kwa aneba. Iwo amangolima maluwa.