Kenelo Yonenepa ya Pusi wa ku Ndirande

Mwambi uja wa pusi unayamba motere, ana inu, ndipo zoti unachokera kunkhalango muzisiye. Ku Ndirande kunali wokonza makompyuta dzina lake Lufeyo, koma tonse tinkangomuti Pusi chifukwa manja ake sankakhazikika. Pakhomo loyandikana ndi lake pankagwira Esinati, wa ntchito yomweyo komanso wapakamwa ngati iye. Awiriwa ankakangana kutacha kulikonse za kenelo, kamtima ka kompyuta kamene kamagawira zipangizo zonse ntchito.

Esinati ankati kenelo izikhala yaing'ono, zinazo monga mapulogalamu oyendetsa zipangizo zizikhala panja, kuti chimodzi chikafa zinzake zizipitirira. Pusi ankaseka mpaka misozi. Ankati kenelo yoonda ndi ya anthu amantha, yake ndi yonenepa ndipo imathamanga poti zonse zili m'nyumba imodzi.

Tsono mchemwali wake wa Pusi anapeza banja. Pusi analetsa akomiti ya ukwati kuitana woimbitsa nyimbo, n'kulumbira kuti mkwatibwi adzalowa ndi nyimbo ya pakompyuta yake. Sabata ya ukwati anakhala pansi kuimanganso keneloyo. Akaona pulogalamu yoyendetsa printa, "Ichi chakoma," n'kulowetsa. Ya kamera, ya magemu, mpaka ya sikelo yoyezera fodya, zonse m'kati.

"Kodi achimwene, mkwatibwiyo mukamuyeza pasikelo?" anafunsa Esinati.

"Za mawa sizidziwika, mayi."

Tsiku linafika, holo itadzaza. Mkwatibwi atafika pakati akuvina sitepe yake, nthungululu zili pakamwa, kapulogalamu ka sikelo kaja kanayamba kufunafuna sikelo. Kataisowa kanakomoka, ndipo poti kanali m'katikati, kanagwetsa kenelo yonse. Holo inangoti zii. Mkwatibwi anaima mwendo uli m'mwamba, akumuyang'ana mchimwene wake ndi diso lofiira. Ine ndinamumvera chisoni mwana uja, sindinama.

Pusi, thukuta lili kamukamu, anakwera pampando wapulasitiki kukagwedeza mawaya a sipika, amene analibe mlandu. Mpando unapindika, mkulu uja khuu, miyendo kumwamba! Esinati, amene sanabwere chimanjamanja, analumikiza kalaputopu kake ka kenelo yoonda, nyimbo n'kuyambiranso. Koma wovina panalibe, anthu onse anali atafa ndi phwete, mkwatibwi yemwe atagwira nthiti.

Apo m'pamene ankhoswe anaweramira Pusi pansipo, n'kupukusa mutu: "Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi adagwa chagada."