Mmene Ndinasandukira Kazitape ku Mchengautuwa

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, ndipo mukafika poti chimbudzi mumvetsa chifukwa chake.

Ndinali kalaliki, nditangosamutsidwa kuchokera ku Zomba, ndipo ku Mzuzu, kumene ndinapeza nyumba ku Mchengautuwa, ndinkasowa ocheza nawo. Mnzanga wa ku ofesi, a Nyirenda, anali ndi buku lokhuthala la nkhani zifupizifupi za alembi akalekale. Ndinawanyengerera kuti tipeze anthu angapo, tizikumana kwanga Loweruka masana n'kumawerengerana nkhani imodzi imodzi. (Inde, m'masiku a chipani chimodzi, pamene anthu anayi akakhala pamodzi mmodzi ankakhala khutu la boma. Kusungulumwa kumapusitsa.)

Tsiku lokonza ndondomeko tinakumana asanu. Panali bambo wina wosamudziwa, a Mhango, atavala magalasi akuda m'nyumba, kope lili pabondo. Munthu akayankhula, iwo n'kulemba.

"Ine, dada, ndingakonde tiyambe na nkhani ya mdala wokana kusiyira ana ake munda," anatero a Mhango. "Njabwino chomene."

Mdala wokana kusiya munda! Uwu unali msampha: ndingovomera, mawa ndikafotokoze kupolisi kuti mdalayo akuimira ndani.

Ndinaimirira n'kulengeza mokweza kuti m'dziko muno okalamba timawakonda, ndipo mdala aliyense akhale pamunda wake mpaka muyaya. Ndinatulutsa khadi la chipani n'kuliika patebulo. Kenako ndinatenga pepala n'kulemba mayina a onse, kuti a Mhango aone kuti sindikubisa kanthu. Tiyi anazizira m'makapu. Mmodzi anakumbukira kuti ku Msongwe kuli maliro, enawo n'kupezeka kuti malemuwo ankawadziwanso, onse n'kunyamuka.

Buku linatsala ndi ine. Lamlungu lonse, galimoto ikangodutsa, ndinkasuzumira pawindo. Lolemba m'mawa ndinaona a Mhango ataima pampopi, nkhope italoza kunyumba kwanga. Sindinaganize kawiri. Ndinakulunga bukulo m'nyuzipepala n'kukaliponya m'chimbudzi chokumba. (Linatenga kanthawi lisanafike pansi. Ndinamvetsera.)

Ku ofesi zinthu zinasintha. Ndikalowa, anthu ankayamba kukamba za mvula. A Nyirenda ankandizemba, mpaka tsiku lina ndinawapanikiza pakhonde.

"Achimwene, mwandibweretsera kazitape m'nyumba, lero mukuthawa ine?"

"Kazitape wake uti? Mhango ndi mlamu wanga, telala wa pamsika. Akudwala maso. M'kope amalemba mawu ovuta a Chingelezi kuti akafunse mwana wake."

"Nanga pampopi ankafuna chiyani?"

"Amafuna kukupemphani mumufufute papepala paja, koma anachita mantha kugogoda. Pano akugona kwa achibale ku Kaning'ina." Anatsitsa mawu. "Imwe, dada, ganizani. Munthu wachilendo, waitana anthu kunyumba, watulutsa khadi, walemba mayina. Tonse tikudziwa kuti kazitape ndimwe."

Ndinaseka, ndinalumbira, ndinatchula ngakhale dzina la abusa amene anandibatiza. A Nyirenda anatambasula dzanja.

"Yewo, ndamva. Ngati si ndinu, bwezani buku langa."

"Lili pabwino," ndinatero.

"Pabwino pati?"

"Pamalo poti... silingatulukenso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti mwapereka kale kwa mabwana anu."

Apa chilungamo chikanandipulumutsa. Koma nditayeza ziwirizi, kutchedwa kazitape kapena kutchedwa bambo wamkulu wa tayi amene anaponya buku la eni m'chimbudzi chifukwa choopa telala, choyambacho chinapepukako. Ndinasankha ukazitape.

Ndinakhala ku Mzuzu zaka zinayi. M'basi ankandisiyira mpando, kubutchala ankandisankhira nyama yopanda mafupa, ndipo moni ankandipatsa ndi manja awiri. Koma m'zaka zonsezo palibe anandiitanapo ku ukwati, ndipo palibe anandibwerekanso ngakhale nyuzipepala yadzulo.