Mlendo wolemekezeka ndi wilibala ya manyowa

Sindikonda kukokomeza nkhani, choncho ndikati tsiku limeneli ndinachita manyazi, mundikhulupirire.

Ndimaphunzitsa pa koleji ina muno mu Mzuzu. Atsikana a m'kalasi langa anayamba okha pulojekiti yodzala mitengo ndi nsungwi m'mbali mwa chigwembe cha ku Masasa, chimene chinkakula mvula iliyonse n'kumayandikira nyumba za anthu. Mtsogoleri wawo, Lusungu, anandipempha kuti ndibwere Loweruka m'mawa, ati akundidalira chomene.

Ine ndinamva kuti ndine mlendo wolemekezeka. Ndinasita suti, ndinakonza sipichi ya utsogoleri wa amayi. Ndipo poti mlendo wolemekezeka safika anthu asanasonkhane, ndinaima kaye ku Chiputula n'kumawerenga nyuzi m'galimoto.

Nditafika sindinaone tenti kapena mipando. Atsikana anali m'magulu, ena akukumba, ena akutunga madzi, amayi a m'deralo ali nawo limodzi. Kumwamba kunali kutada, ndipo mbande zinayenera kulowa m'nthaka mvula isanagwe.

Lusungu anandilonjera mwaulemu, monire adada, kenako n'kundipatsa wilibala yodzaza manyowa.

Ndinadziwa mwambo wake: wamkulu amagwira chida pang'ono, amujambule, anthu aombe m'manja. Ndinakankha pang'onopang'ono, ndikumwetulira mbali imene ndinkaganiza kuti kuli kamera. Palibe anajambula. Nditakhuthula, mtsikana wina anandilozera mulu wa manyowa, ati gulu la kumunsi likudikira.

Ndinabwerera. Ndinabwereranso. Nsapato zinalemera ndi matope, tayi ili paphewa. Mayi wina anafunsa mnzake ngati bambo a sutiwo atumidwa ndi khoti.

Potsiriza ndinamukokera Lusungu pambali n'kufunsa kuti sipichi ikhala nthawi yanji. Anandifotokozera modekha kuti gulu lawo linagwirizana zoti kulibe masipichi, ndipo wochedwa aliyense amatuta manyowa. Iye mwini anatutapo sabata yatha.

"Nanga mlendo wolemekezeka?" ndinafunsa.

"Ameneyo sitimuitana, adada," anatero akupukuta thukuta. "Amachedwa."

Mvula inayamba mbande yomaliza italowa, ndipo onse anakuwa mondithokoza, "Yewo, aphunzitsi!"

Kuyambira tsikulo, atsikana amenewa akandiitana ndimafika m'mamawa, nditavala magambutsi.