Nambala Zisanu ndi Zinayi za Amayi Nabanda

Lolemba
Yunifomu yanga ya Mvano yatha miyezi khumi mu sutikesi kuno kudziko la eni. Kampani yathu imatituma kusamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo tsiku lopuma imatisankhira yokha, aliyense lakelake. Langa ndi Lachiwiri. Tchalitchi chanji cha Lachiwiri? Lero Amayi Nabanda atsegula gulu pa foni, tilipo asanu ndi anayi. Mayi amenewa ankaimira antchito anzawo ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo akuti akakweza dzanja, bwana ankaiwala Chingerezi. Cholinga: kampani ikhale pansi ndi komiti yathu, tizipuma Lamulungu. Ndimawagomera mayi amenewa, sindibisa.

Lachiwiri
Chisankho, pa foni pomwepo. Wapampando: Amayi Nabanda, popanda wopikisana nawo. Wachiwiri wawo. Mlembi: ine. Wachiwiri wanga. Wamapemphero. Wamaliro ndi matenda. Wosungitsa mwambo. Awiri otsala tawapatsa ulangizi kuti asakhumudwe. Tonse ndife akuluakulu, membala wamba palibe. Mtundu wa chitenje cha gulu watidyera maola awiri. Kalata mawa.

Lachitatu
Kalata ndalemba, yokongola, Lamulungu ndalitchula kanayi. Pamenepo Achemwali Esinati akutikumbutsa kuti iwo ndi a Sabata, akufuna Loweruka. Atembo a ku Chipata akuti, "Ine vilivonse chabe, bola ofu." Mutu wanga waima. Wapampando sakupsa mtima, akungoti, "Alembi, lembani kuti aliyense tsiku lake lopemphera." Nzeru zotere sagula m'sitolo.

Lachinayi
Ndi tsiku lopuma la Amayi Nabanda, ndiye kalata akaipereka okha ku ofesi, ku Silicon Oasis. Yankho la loya wa kampani lafika dzuwa lisanapendeke. Akuti malamulo akuno sadziwa za mabungwe a antchito, choncho palibe chowakakamiza kukambirana ndi komiti. Wodandaula azibwera payekha. M'munsi mwake akupempha mwaulemu mayina a komiti yonse. Viza yanga ndaiyang'ana kawiri.

Lachisanu
Otuluka m'gulu: wosungitsa mwambo (woyamba!), alangizi onse awiri, wachiwiri wanga. Aesinati akuti foni yawo yagwera m'madzi, uthengawo autumiza pa foni yomweyo. Ine sindinatuluke, ndangochotsa chithunzi changa. Ndili ndi ana awiri ku Dedza. Manyazi akundigwira, koma mantha aposa. Mayi wokalamba amene ndimawasamalira kuno ku Mirdif andiona ndikupukuta mbale imodzi katatu, akuti m'chinenero chawo, "Khalas, habibti," kutanthauza kuti basi, wokondedwa.

Loweruka
Amayi Nabanda apempha chilolezo cha m'mawa wonse kunyumba kumene amagwira, abwerera ku ofesi. Paja loya anati payekha? Atenga nambala pa makina, adikira, alowa, adandaula zawo. Atuluka, atenga nambala ina, alowanso: "Ndabwera ndekha, za munthu wina wa Sabata." Atuluka, atenganso ina. Kasanu ndi kanayi! Pofika kachisanu ndi chimodzi mlonda wawabweretsera mpando ndi tiyi. Akafunsidwa mayina akutchula limodzi lokha, lawo. Kampani yatopa, yagamula kuti Lamulungu lipita kwa amene dzina lake lalembedwa. Munthu mmodzi, iwowo. Andiimbira akupepesa, ngati alakwa ndi iwo.

Lamulungu
Ndili pa ntchito, komiti yafa, chitenje sitinagule. Ndipumanso Lachiwiri, basi. Koma cha m'ma naini foni yalira. Wapampando ali m'tchalitchi, aikweza foni m'mwamba kuti tonse timve. Othawa aja abwerera m'gulu mmodzimmodzi, mwakachetechete, ngakhale foni ya m'madzi ija yachira. Ndatulutsa yunifomu, ndaisita, ndaivala m'khitchini. Okalamba anga akugwedeza mutu pa nyimbo imene sakuimva mawu. Ulaliki wa abusa watalika kupitirira ola. Ndanong'oneza pa foni kuti Wapampando atsitse dzanja, atopa. Ayankha motsitsa mawu, "Alembi, ku Thyolo ndinkalikweza tsiku lonse." Tafika pa nyimbo yotsekera, dzanja likadali m'mwamba.