A Sumaila ndi Maso Anayi a Evelina

Aliyense amene ankadutsa pakhonde la mashopu ku Old Town akuwakumbukira a Sumaila okonza mawotchi, bambo amene ankalumbira kuti mpira sasewera ndi manja kapena miyendo, koma ndi maso. Chonsecho eni akewo ankavala magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo, moti akawavula ankatha kupereka moni kwa mtengo wa magetsi.

Ikakwana folo ankatseka kabokosi ka mawotchi, n'kunyamula kampando kawo ulendo wa kubwalo lafumbi ku Area 3, kukaphunzitsa ntchemberembaye amayi ogulitsa mumsika. Koma kaphunzitsidwe kake! Matimu ena akuthamanga, iwo ankawandandalika amayiwo m'mbali mwa msewu kuti aziwerenga manambala a maminibasi odutsa. Tsiku lina wapolisi anaima n'kufunsa ngati zinali zionetsero.

"Ayi bwana, ndi treningi," anatero a Sumaila. "Inuyo, minibasi yangodutsayi nambala yake ndi chani?"

Wapolisi uja anangokonza chipewa n'kumapita.

Mpira wawo anaulemba manambala ndi penti. Akakuponyera, unkayenera kutchula nambala usanauwakhe. Ukalephera, amvekere, "Mayi, masowo ndi obwereka?" Nthawi zina ankakuuza kuti uyang'ane kutsogolo, iwo n'kukugenda ndi ndimu kuchokera kumbali. Mayi Chitemwa, kaputeni wa timu, mandimu anawapeza pakhutu mpaka anayamba kumawatola kukafinyira mu tiyi.

Ndiye kunabwera Evelina, ndi mwana wake Janeth wa zaka ziwiri. Evelina anali wamantha. Bwalolo lili pafupi ndi msewu, ndipo magalimoto otuluka m'mipanda ikuluikulu ija sadziwa kuti kunja kuno kuli ana. Ankamukhazika Janeth pachitenje pansi pa mtengo, koma akangolowa m'bwalo khosi linkangopotokera komweko. Mpira unkamumenya pachifuwa, pamsana, kamodzi pamphuno penipeni.

"Kochi, uyu achoke," anatero Mayi Chitemwa. "Kwatsala masabata awiri tikumane ndi a ku Area 14. Tisewera bwanji ndi munthu wakhosi ngati fani?"

Evelina anangoti zyoli. Sabata yonse, malo okhawo amene ankasekako anali pabwalopo, ndipo sankafuna kuwataya.

A Sumaila anamuyandikira. "Mwana wanga, yang'ana ine. Usatembenuke. Janeth akutani pano?"

"Akuluma nsapato ya Mayi Chitemwa."

Onse anacheuka. Zinali zoona, ndipo inali nsapato yatsopano.

"Mwaona?" anatero a Sumaila. "Nonsenu muli ndi maso awiriawiri. Mayi wamantha ali ndi anayi. Chofunika kukonza apa ndi khosi basi."

Kuyambira tsiku limenelo anasamutsa kampando kawo n'kumakhala pambali pa Janeth, akukweza zinthu m'mwamba. Evelina ankayenera kuwakha mpira n'kutchula chomwe akweza, osatembenuka.

"Supuni!"

"Eya!"

"Wotchi!"

"Eya!"

"Mbale yoyera!"

"Iwe, ndangovula kapu! Limenelo ndi dazi langa!"

Tsiku la masewero zigoli zinali zofanana mpaka kumapeto. A ku Area 14 anaponya mpira wautali. Evelina anadumpha n'kuutsomphola m'malere, maso ali pagolo, n'kukuwa, "Janeth, lavula mwalawo!"

Janeth analavula. Nayenso mtsikana amene ankamutchinga Evelina anadzidzimuka n'kulavula chingamu. Asanazindikire, mpira unali m'manja mwa Mayi Chitemwa, kenako muukonde. A Sumaila anavina mpaka magalasi anagwa, ndipo anakathokoza mtengo wa golo poganiza kuti ndi Evelina.

A Sumaila anamwalira dzinja lathali, m'mawa, ndipo pofika madzulo anali ataikidwa kale monga mwa chipembedzo chawo. Timu yonse inatseka mabenchi kumsika n'kukakhala ndi mayi a kunyumba kwa malemuwo. Mayi Chitemwa anayamba kusimba za mandimu kuti anthu asekeko, koma nkhaniyo sanaimalize.

Pakhonde paja pano pali wogulitsa makava a mafoni. Maminibasi akudutsa popanda owawerenga. Manambala a pampira akafufutika, Mayi Chitemwa amawabwereza ndi penti, ndipo wina akaphonya amayesako kunena kuti, "Masowo ndi obwereka?" koma sizimveka chimodzimodzi.

Evelina ndiye amasewera pakati tsopano, ndipo khosi silipotokanso. Amaona mpira, amaona golo, amaona Janeth pachitenje ndi galimoto ikadali kutali. Amaonanso, pambali pa mwanayo, malo amene pankakhala kampando kaja. Amayesetsa kuti asapaone. Koma a Sumaila anamuphunzitsa bwino kwambiri.